Majaji a ku America asanduka aphunzitsi a mbiri pa milandu ya mfuti

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa mawu omwe amatuluka nthawi zonse achifwamba akathyola golosale kapena akapha mlonda, oti dziko lathu likadatengera America, kumene akuti khothi lalikulu lidagamula kuti munthu aliyense agule mfuti ndi kuyenda nayo popanda womufunsa. Mawuwa ndawamva m'minibasi, ndawamva pa siwa anthu akuwotha moto usiku, ndipo masiku ano ali ponseponse pa Facebook. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo ndikuona kuti ambiri mwa olankhula zimenezi adangomva mutu wa nkhani osafika pomwe pagona mkangano weniweni. Ine ndidaphunzitsa mbiri kusekondale kwa zaka zambiri ndisadapume, ndipo chidandikoka kuti ndizitsatira zigamulo za ku America pa nkhani ya mfuti n'chakuti majaji akumeneko adadzisenzetsa ntchito ya ife aphunzitsi a mbiri, ntchito yomwe sadaiphunzire ndipo ikuoneka kuti ikuwalemera.

Gwero la nkhani yonse ndi chiganizo chimodzi chokha, chomwe ndi ndime yachiwiri mwa ndime 10 zomwe zidawonjezeredwa ku malamulo oyendetsera dzikolo mu 1791, ndipo eni ake amaitcha Second Amendment. Ndimeyo imati popeza gulu la anthu wamba okonzekera nkhondo, loyendetsedwa mwadongosolo, ndi lofunika pa chitetezo cha dziko laufulu, ufulu wa anthu wosunga ndi kunyamula zida usaphwanyidwe. Aliyense wowerenga mosamala aona kuti chiganizochi chili ndi mutu ndi thupi, ndipo a ku America akhala akukangana ngati mutuwo, wonena za gulu loteteza dziko, ndiwo ukulamulira thupi, kapena ndi mawu oyamba chabe omwe munthu akhoza kuwalumpha. Kwa nthawi yaitali makhothi ankatsamira ku mutu. Mu 1939 Khothi Lalikulu lidamva mlandu wa Jack Miller, yemwe adagwidwa atachoka m'chigawo cha Oklahoma kulowa cha Arkansas ali ndi mfuti yodula mpope, yosalembetsa monga lamulo la mu 1934 linkafunira. Kumbali ya Miller sikudabwere loya wodzamulankhulira, mwiniwakeyo adapezeka atawomberedwa chigamulo chisadatuluke, ndipo khothi lidati palibe umboni woti mfuti yotere ikukhudzana ndi ntchito ya gulu loteteza dziko. Maganizo amenewa adakhazikika kwa zaka pafupifupi 70, moti Warren Burger, yemwe adali mkulu wa majaji kuyambira 1969 mpaka 1986 ndipo adasankhidwa ndi pulezidenti Richard Nixon, adanena pa wailesi yakanema mu 1991 kuti magulu ena agwiritsa ntchito ndimeyi pochita chinyengo chachikulu pa anthu a dzikolo.

Zinthu zidatembenuka mu 2008 chifukwa cha mlonda wina dzina lake Dick Heller. Mkuluyu ankalondera nyumba ya maofesi a nthambi ya makhothi mumzinda wa Washington, ndipo masana onse ankakhala ndi mfuti m'chiuno kuteteza ogwira ntchito za boma, koma atapempha kuti alembetse mfuti ya m'manja yosunga kunyumba kwake adamukaniza, chifukwa lamulo la mzindawo la mu 1976 lidaletsa mfuti zoterezi. Pa 26 Juni 2008 majaji 5 mwa 9, motsogozedwa ndi Antonin Scalia, adagamula kuti ndime ija imateteza ufulu wa munthu payekha wosunga mfuti m'nyumba podziteteza, kaya ali m'gulu loteteza dziko kaya ayi. Patatha zaka ziwiri, pa mlandu wa Otis McDonald, mkulu wakuda wopuma pa ntchito wa ku Chicago yemwe adatopa ndi akuba m'dera lake, majaji 5 mwa 9 adatinso ufuluwu ukumanga maboma a zigawo ndi makhonsolo a mizinda, osati boma la dziko lonse lokha. Chomwe anzathu a m'minibasi satchula n'chakuti Scalia yemweyo adalemba poyera kuti ufuluwu uli ndi malire, kuti chigamulo chake sichikugwedeza malamulo oletsa mfuti kwa omwe adapezeka olakwa pa milandu ikuluikulu kapena odwala misala, ngakhalenso malamulo oletsa kulowa ndi mfuti m'masukulu ndi m'nyumba za boma. Palibe tsiku lomwe khothilo lidanenapo kuti aliyense achite zomwe akufuna.

Ndinene mosabisa kuti ine ndilibe mkangano waukulu ndi Heller kapena McDonald. Nkhalamba yofuna kugona tulo m'nyumba mwake ndimaimvetsa. Komanso zigamulo ziwirizi zitatuluka, makhothi a m'munsi adapeza njira yoyesera malamulo a mfuti yomwe ngakhale nduna za pabwalo la mfumu zikadaizindikira: ankayamba afunsa ngati lamulo likukhudza ufuluwo, kenako n'kuika pasikelo, mbali ina ufulu wa munthu, mbali inayo chifukwa chomwe boma lapereka pamodzi ndi umboni wake. Dandaulo langa likuyambira pa 23 Juni 2022, tsiku lomwe Khothi Lalikulu lidataya sikelo imeneyi.

Mlandu wake umadziwika ndi dzina la Bruen, yemwe adali mkulu wa apolisi m'chigawo cha New York. Chigawochi chidali ndi lamulo lochokera mu 1911, lomwe patatha zaka ziwiri lidawonjezeredwa mfundo yoti wofuna chilolezo choyenda ndi mfuti yobisa m'zovala asonyeze chifukwa chapadera, choposa mantha omwe munthu aliyense amakhala nawo. Majaji 6 mwa 9, m'chigamulo cholembedwa ndi Clarence Thomas, adafafaniza mfundoyi, nati ufulu wonyamula mfuti suthera pakhomo la nyumba. Akadalekera pomwepo ndikadangoti ndi zawo, ndipo ndivomereze kuti odana ndi lamulolo adali ndi mfundo yomwe Mmalawi aliyense angaimve m'mafupa. Chilolezo chikamadalira mtima wa bwana wa paofesi, amachipeza ndi odziwika ndi andalama, ndipo maloya ena oimira anthu osauka ku New York adauza khothi kuti omwe ankamangidwa kwambiri ndi lamulolo adali anthu akuda ndi ochokera ku Latin America. Koma Thomas adapitirira. Adalamula kuti kuyambira tsikulo makhothi asamayesenso ubwino kapena kuipa kwa lamulo la mfuti, ndipo kuti boma, pofuna kupulumutsa lamulo lake, lizisonyeza kuti likugwirizana ndi mwambo wa malamulo a mfuti a m'nthawi ya makolo a dzikolo. Chigamulochi chidatuluka patangotha mwezi umodzi kuchokera pomwe ana 19 ndi aphunzitsi awiri adaphedwa pasukulu ya pulayimale ku Uvalde m'chigawo cha Texas. Jaji Stephen Breyer, potsutsa, adayamba ndi kukumbutsa anzakewo kuti mu 2020 mokha anthu 45,222 adafa ndi mfuti m'dzikomo, koma Samuel Alito adayankha pofunsa kuti ziwerengero zoterezi zikukhudzana bwanji ndi funso lomwe lili pamaso pa khothi. Malinga ndi njira yatsopanoyo Alito sadalakwitse, ndipo apo mpamene pandiwawa.

Ndikamva za mfuti za mu 1791 ndimakumbukira agogo anga aamuna, omwe adali ndi gogodela yosakira nguluwe zikavuta m'munda. Ndili mwana ndinkakhala pambali kuwaonerera akuikonza. Ankaiimika pakati pa miyendo, kuthira wonga kukamwa kwa mpope, kuikamo kansanza, kusindira ndi kachitsulo kakatali, kuponyamo chipolopolo, n'kusindiranso, ndipo nthawi yonseyi ankatiopseza kuti tisayandikire ndi chikuni cha moto. Akaphonya, nguluwe inkawoloka mtsinje iwo akadasindira, ndipo tsiku la mvula wonga ukanyowa ankabwerera kunyumba mfutiyo ili ngati ndodo. Mfuti zomwe ankazidziwa olemba ndime ija zidali za mtundu womwewo, ndipo msilikali wozolowera ankatha kuombera mwina katatu pa mphindi imodzi. Pa 1 Okutobala 2017 munthu mmodzi, ali pazenera la hotela ku Las Vegas, adatulutsa zipolopolo zoposa 1,000 m'mphindi pafupifupi 10, ndipo anthu 58 adafa usiku womwewo. Kufunsa anthu a m'badwo wa gogodela kuti atiuze lamulo loyenera chida chotere kuli ngati kufunsa agogo angawo malamulo a pamsewu wa minibasi. Thomas adati sakufuna lamulo lakale lofanana ndendende ndi la lero koma longofananako, koma sadafotokoze momveka kuti kufananako kumayambira pati, ndipo sadamalize n'komwe funso loti chaka choyang'ana ndi 1791 kapena 1868, pomwe idakhazikitsidwa ndime ya 14 yomwe imafikitsa ufuluwu ku zigawo.

Pali chinthu chomwe ndinkaphunzitsa ana a Fomu 3 chaka ndi chaka, choti kusapezeka kwa chinthu m'zolembedwa zakale si umboni woti makolo ankachikana. Nyumba ya malamulo ikhoza kusapanga lamulo chifukwa vutolo kudalibe, kapena chifukwa lidalipo koma olemba malamulo sankaliona ngati vuto, kapenanso lamulo lidalipo m'katauni kena koma pepala lake lidadyedwa ndi chiswe. Wophunzira mbiri weniweni akafika pamalo opanda kanthu amavomereza kuti pamenepa mapepala ali chete, pomwe jaji sangatero chifukwa ali ndi munthu pamaso pake woyenera kupita kundende kapena kunyumba. Zotsatira zake zidaoneka msanga. Mu Okutobala 2022 jaji Carlton Reeves wa ku Mississippi adalemba modandaula kuti majaji si akatswiri a mbiri, ndipo adafunsa mbali ziwiri za mlandu womwe ankamva ngati khothi lilembe ntchito katswiri wa mbiri woti alithandize. M'mwezi womwewo jaji wina ku West Virginia adagamula kuti lamulo loletsa kukhala ndi mfuti yofufutidwa nambala yake ndi losemphana ndi malamulo a dziko, popeza mu 1791 kudalibe lamulo la manambala pa mfuti, ngakhale aliyense akudziwa kuti wofufuta nambala amafuna kuti apolisi asalondole komwe mfutiyo idachokera. Khothi la apilo lidabweza chigamulochi mu 2024. Chomvetsa manyazi kwambiri chidali chakuti maloya a boma, posakasaka malamulo akale osonyeza kuti makolo ankalanda mfuti anthu omwe ankawaona ngati oopsa, adakatola malamulo olanda zida akapolo, eni nthaka a dzikolo ndi Akatolika, ndi kuwapereka kukhothi ngati maziko a malamulo a lero. Sindikuwanena maloyawo, poti mbiri yomwe adatumidwa kukakumba ndi imeneyo, ya dziko lomwe pa kalembera wa mu 1790 lidali ndi akapolo pafupifupi 700,000.

Mlandu womwe udaulula poyera kufooka kwa njirayi ndi wa Zackey Rahimi wa ku Texas. Mu Disembala 2019 mnyamatayu adakangana ndi chibwenzi chake, mayi wa mwana wake, pamalo oimika magalimoto. Adamukoka mpaka kugalimoto, kumukankhiramo mpaka kumenyetsa mutu, ndipo ataona kuti munthu wina akuonerera adatulutsa mfuti n'kuiombera pomwe mayiyo ankathawa. Mu Febuluwale 2020 khothi lidapereka chiletso choti asamuyandikire, ndipo lamulo la dziko lonse la mu 1994 limati munthu yemwe ali ndi chiletso chotere asakhale ndi mfuti. Rahimi sadamvere. Pakati pa Disembala 2020 ndi Januwale 2021 adaombera mfuti m'malo asanu osiyanasiyana, kuphatikizapo pamalo ogulitsa zakudya pomwe adaombera m'mwamba chifukwa khadi la kubanki la mnzake lidakanidwa. Apolisi atapeza mfuti m'nyumba mwake adamuzenga mlandu ndipo adamangidwa. Koma mu 2023 khothi la apilo la ku New Orleans, lomwe limamva milandu ya ku Texas, lidati lamulo la mu 1994 lija ndi losavomerezeka, chifukwa boma lalephera kupeza lamulo lofanana nalo m'nthawi ya makolo. Likadalipeza kuti? Mu 1791 mudalibe mayi ngakhale mmodzi m'nyumba za malamulo za dzikolo, ufulu wa amayi wovota m'dziko lonse udadza mu 1920, ndipo mwamuna womenya mkazi wake nthawi zambiri ankaonedwa ngati akukonza za m'nyumba mwake. Kukhala chete kwa amuna amenewo ndiko kudatsala pang'ono kubwezera Rahimi ufulu wokhala ndi mfuti.

Khothi Lalikulu lidabweza chigamulochi pa 21 Juni 2024, majaji 8 mwa 9 atagwirizana. Mkulu wa majaji John Roberts adalemba kuti makhothi ena sadamvetse, kuti ndime ija si lamulo lomwe lidauma m'nthawi yake, ndipo kuti chofunika ndi mfundo yomwe idali pansi pa malamulo akale osati maonekedwe ake. Adatchula malamulo akale okakamiza munthu woopseza mnzake kupereka chikole pamaso pa majisitireti, ndi ena olanga oyendayenda ndi zida poopseza anthu, nati awiriwa akaphatikizidwa akusonyeza kuti munthu woopsa akhoza kulandidwa mfuti kwa kanthawi. Ndidasangalala ndi chigamulocho chifukwa cha mayi uja, koma monga mphunzitsi ndiyenera kunena kuti yemwe adatsatira njira ya Bruen mokhulupirika adali Thomas, mwini wake, yemwe adatsutsa yekha ponena kuti palibe lamulo lakale ngakhale limodzi lomwe linkalanda mfuti munthu wotere. Anzake asanu ndi atatuwo adaona kumene msewu ukulowera, adachita mantha, n'kukhota, koma sadavomere kuti msewuwo udalambulidwa molakwika. Jaji Ketanji Brown Jackson ndiye adayandikira choona polemba kuti ngati makhothi a m'munsi akusokonezeka, mwina olakwa ndi iwo a Khothi Lalikulu. Sikelo ija idabwerera ndithu, koma tsopano jaji amaigwiritsa ntchito mobisa, posankha kuti mwa malamulo akale atole ati ndipo awatambasule mpaka pati.

Si milandu yonse ya mfuti yomwe imakhudza ndime ya mu 1791, ndipo apanso olemba nkhani amasakaniza. Sabata imodzi chigamulo cha Rahimi chisadatuluke, khothi lomweli lidachotsa chiletso cha kachipangizo komwe munthu wa ku Las Vegas uja adamangirira ku mfuti zake kuti zizilavula zipolopolo mothamanga. Chiletsocho chidaikidwa ndi boma la Donald Trump mu 2018, ndipo majaji 6 mwa 9 adati kachipangizoko sikakulowa m'tanthauzo la mfuti yachiwaya lomwe lili m'lamulo la mu 1934, choncho ngati kakuyenera kuletsedwa, iletse ndi nyumba ya malamulo. Pamenepo njira ndi yotseguka, aphungu akafuna. Koma pomwe khothi lati lamulo likusemphana ndi ndime ija, aphungu alibe chochita kupatula kusintha malamulo oyendetsera dziko, zomwe zimafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu m'nyumba zonse ziwiri ndi kuvomereza kwa zigawo 38 mwa 50. Jaji wopuma John Paul Stevens, yemwe adatsutsa pa mlandu wa Heller, adalemba mu 2018 kuti ndimeyo ingochotsedwa, koma m'dziko lomwe mfuti za anthu wamba zimaposa chiwerengero cha anthu enieniwo, mawu akewo adangopita ndi mphepo.

Wina afunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife. Gawo 11 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limalola makhothi athu kuyang'ana zigamulo za maiko ena zofananako potanthauzira malamulowo, choncho tsiku lina loya wochenjera adzaima m'khothi atanyamula Heller ndi Bruen. Ndi bwino tidziwiretu kuti zigamulozo zidamera pa ndime yomwe ife tilibe, pakuti m'malamulo athu mulibe ufulu wokhala ndi mfuti, ndipo mawu oti gulu la anthu wamba okhala ndi zida ali ndi kakomedwe kena m'kamwa mwa omwe tidaona asilikali akulanda zida Apayoniya mu Disembala 1993. Gawo 44 la malamulo athu limati malire oikidwa pa ufulu akhale omveka, ovomerezeka pa mfundo za maufulu a anthu za dziko lonse lapansi, ndi ofunikadi m'dziko la demokalase, ndipo imeneyi ndi sikelo yomwe ija a ku America adataya mu 2022. Ngati tikufuna chitsanzo chapafupi, chili ku South Africa komwe abale athu ambiri akukhala. Mu Juni 2018 khothi la malamulo a dziko lakumeneko, m'chigamulo cholembedwa ndi jaji Johan Froneman, lidati kukhala ndi mfuti si ufulu wachibadwidwe koma mwayi woperekedwa ndi lamulo, ndipo lidasunga ndime za lamulo la mu 2000 zomwe zimafuna kuti chilolezo chizikonzedwanso, cha mfuti yodzitetezera zaka 5 zilizonse, pempho litaperekedwa kukadali masiku 90 chisadathe.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi loti pa tsamba lino mutisindikizire m'Chichewa zomwe lamulo lathu la mfuti la mu 1967 limanena pa za yemwe angapatsidwe chilolezo ndi yemwe angalandidwe, ndipo mutifunsire kwa odziwa malamulo ngati mwamuna yemwe khothi lamupatsa chiletso pansi pa lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la mu 2006 amakakamizidwa kukapereka mfuti yake kupolisi tsiku lomwelo.

Ndine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Ntcheu.